Mbale yatsukidwa koma ikadali yoterera: vuto lili pati?

Mbale ikhoza kupakidwa sopo, kutsukuluzidwa bwinobwino, koma mukaipititsa chala n'kumva kuti ikadali yoterera. Izi zimachitika m'beseni la kunyumba, zimachitikanso m'makina otsukira mbale omwe amapezeka m'mahotela ndi m'nyumba zina ku Lilongwe. Lero ndikufuna tione chifukwa chake. Tiyambira pa makinawo, kenako tibwerera ku beseni lathu, poti physics yake ndi imodzimodzi.

Nkhaniyi si yamasewera kwa ife a ku Dzaleka. Kampuyi inatsegulidwa mu 1994 ndipo inakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma pano muli anthu oposa 50,000. Madzi timachita kuwaimira pamzere kumjigo, ndiye sitingawataye potsuka mbale kawirikawiri. Komanso musaiwale kuti kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Mbale yotsalira mafuta ndi zakudya ndi malo abwino obisalamo tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Mu 1959, katswiri wa chemistry wa ku Germany, Herbert Sinner, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Henkel, anafotokoza kuti kutsuka kulikonse kumadalira zinthu zinayi: kutentha kwa madzi, sopo, mphamvu yokwechera, ndi nthawi. Chimodzi chikachepa, zinazo ziyenera kuwonjezereka kuti zikwirire. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa vuto lililonse lomwe titchule likugwera pa chimodzi mwa zinayizi.

Makina otsukira mbale alibe manja kapena burashi. Mayi wina wa ku America, Josephine Cochrane, yemwe analembetsa makina ake mu 1886, anagwiritsa ntchito mphamvu ya madzi othamanga m'malo mokwecha, ndipo a masiku ano akutsatabe nzeru yomweyo. Pansi pa makina pali pampu yomwe imakankhira madzi m'kamkono kokhala ndi timabowo. Kamkonoka kalibe injini yakeyake. Timabowo tina n'topendekera, ndiye madzi akamatuluka kulowera mbali imodzi, amakankha kamkonoko kupita mbali inayo. Eetu, ndi lamulo lachitatu la Newton lomwe lija timaphunzira m'kalasi.

Tsono mbale zikatuluka zakuda, muyambire pomwepo. Zimitsani kaye magetsi pasoketi, kenako yang'anani timabowo. Njere ya mpunga kapena kachidutswa ka chigoba cha dzira kakatseka bowo, kamkono kamazungulira mofooka kapena kuima, ndipo mbale za mbali ina sizilandira madzi n'komwe. Kamtengo kotokosera m'mano n'kokwanira kutsegula. Kenako chotsani sefa ya pansi ndi kuitsuka. Makinawa amazunguza madzi omwewo kangapo, ndiye sefa ikadzaza, pampu imalandira madzi ochepa ndipo zinyenyeswazi zimabwerera pambale. Onaninso kaikidwe ka mbale. Madzi otuluka pabowo sakhota kuti akafike kuseri, choncho mbale yomwe yaphimbidwa ndi inzake imatuluka momwe inalowera.

Pali cholakwika china chomwe anthu ambiri sachiganizira: kuthira sopo wamadzi wotsukira pamanja m'makina. Sopoyu amachita thovu lambiri, ndipo mbali yaikulu ya thovu ndi mpweya. Madzi sapanikizika, n'chifukwa chake pampu ikawakankha amatuluka mwamphamvu. Mpweya umangofinyika ngati siponji, mphamvu ya pampu n'kuthera pomwepo. Makinawa amafuna sopo wawowawo wosachita thovu.

Nanga kutentha? Makina akangomaliza, mbale ziyenera kukhala zotentha. Zikakhala zozizira, mwina element yotenthetsa madzi yapsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri a zamagetsi, osati yanu. Tiyeni tiwerengetse. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi 1°C pamafunika 4,200 J. Malita 10 kuchoka pa 20°C kufika pa 60°C ndi 10 × 4,200 × 40, zomwe ndi 1,680,000 J. Element ya 2,000 W ingatenge masekondi 840, kapena kuti mphindi 14. Mwaonatu chifukwa chake magetsi a ESCOM akathima pakati pa ntchito, mbale zimatsala ndi mafuta.

Kutenthaku n'kofunika chifukwa mafuta a nyama ya ng'ombe kapena mbuzi amasungunuka pamwamba pa 40°C. M'madzi ozizira a mu June ndi July kuno kumapiri a Dowa, mafutawa amagwirana n'kukanirira pambale. Sopo ali ndi timamolekyulu tokhala ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Michirayo imalowa m'mafuta, mitu n'kutsala m'madzi, mafuta n'kugawika timadontho tomwe timapita ndi madzi. Mafuta akakhala olimba, ntchitoyi imachedwa kwambiri.

Vuto lomaliza lili m'madzi momwemo. Madzi a pansi panthaka akamadutsa m'miyala amasungunula calcium ndi magnesium. Ziwirizi zikachuluka zimagwirana ndi sopo wamtanda n'kupanga zoyerayera zoyandama zija, zomwe sizitsuka kanthu. Sopo woyamba amathera pamenepo, wotsalayo ndiye amayamba kugwira ntchito. Madziwa akatenthetsedwa amasiya calcium carbonate, choko chija chimamatirira pansi pa ketulo. M'makina chimakuta element ndi kutseka timabowo. Asidi wofooka ngati viniga kapena madzi a mandimu amachisungunula.

Tsopano tibwere ku beseni. Makala ndi nkhuni n'zodula, ndiye ngati simungatenthetse madzi ambiri, mfundo ya Sinner ikuti onjezerani zinazo. Palani kaye zotsalira ndi mafuta musanaviike mbale, kuti sopo asathere pa zomwe supuni ikanachotsa. Viikani miphika kwa mphindi zingapo, chifukwa nthawi ndi yaulere. Madzi ochepa otentha omwe mwapeza, kaya pambaula mukangophula nsima kaya m'chigubu chakuda chomwe chakhala padzuwa, asungireni mbale zamafuta. Yambani ndi makapu, mumalizire miphika. Phulusa lomwe agogo amakwechera nalo lilinso ndi sayansi yake: ndi alkali, ndipo likakumana ndi mafuta limasandutsako ena kukhala sopo, kwinaku likukwecha. Musalisiye nthawi yaitali m'manja chifukwa limaumitsa khungu. Pomaliza tsukuluzani m'madzi oyera, osati omwe mwatsukira, n'kuyanika pathandala padzuwa. Kansalu konyowa kopukutira kamangosamutsa tizilombo kuchoka pambale ina kupita pa inzake.

Nayi ntchito yoti muyese. Tengani mabotolo awiri ofanana. Lina muthiremo madzi a pamjigo wanu, lina madzi amvula kapena osungunuka kuchokera ku nthunzi ya pachivindikiro cha mphika, muyezo wofanana. Palirani sopo wamtanda wofanana m'botolo lililonse, tsekani, khutchumulani ka 20, kenako yezani kutalika kwa thovu ndi rula. Ngati botolo la pamjigo lili ndi thovu lochepa ndipo madzi ake achita mbuu, mwapeza komwe sopo wa kunyumba kwanu amathera. Bwerezaninso ndi madzi a pamjigo omwe mwawiritsa n'kuziziritsa, ndipo lembani m'kope ngati thovu lasintha.