Kanema wa Pagalimoto ndi Womasulira Wake

M'nthaŵi ya atsamunda, ku Balaka ndi ku Kasupe, kumene lero ndi ku Machinga, kunalibe nyumba zochitiramo maseŵero. M'madera otere seŵero linkafika pa galimoto ya boma, n'kuonetsedwa usiku pansalu yoyera, anthu atakhala pabwalo.

Ambiri mwa makanemawo ankawajambula a Central African Film Unit, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Salisbury mu 1948. Nkhani zake zinali zogwira mtima, koma cholinga chinali poyera: wanzeru apindula, wopusa alira. Mu kanema wotchedwa Mulenga Goes to Town, mnyamata wa kumudzi akaona zakuda m'tauni, kuti achinyamata oonerera asakhumbire zochoka kwawo.

Makanema oyambawo anali opanda mawu. Tsono mwini nkhani weniweni anali womasulira, amene ankaima pambali ndi chokuzira mawu, namafotokoza m'chinenero cha anthuwo. Iye akathirako nthabwala zakezake, khamu linkafa ndi phwete pamalo pamene Azungu ankayembekeza misozi.

Chitaganya chitayamba mu 1953, anthu ambiri m'Nyasaland anayamba kuiona galimotoyo ngati pakamwa pa boma limene sankalifuna. Bungwelo linatha mu 1963, pamodzi ndi Chitaganyacho.