Chifukwa Chake Makina Okankhira Chipale Amavekedwa Matcheni

M'mayiko monga Canada ndi Norway, nyengo yozizira imabwera ndi chipale chofewa chimene chimakuta misewu, ndipo madzi amaundana n'kuterera ngati galasi. Makhonsolo a kumeneko sadikira kuti dzuwa lisungunule chipalecho. Amatulutsa makina ochikankhira kumbali kuti njira za kusukulu ndi kuchipatala zitseguke. Ena mwa makinawa ndi aang'ono otchedwa skid steer loader, amene ambiri amangowatchula kuti Bobcat.

Makinawa anayambira ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1957, pamene abale awiri, Louis ndi Cyril Keller, anapangira mlimi wa nkhukundembo kamakina kochotsera zitosi m'khola. Kampani ya Melroe ya ku North Dakota inapitiriza ntchitoyo, ndipo mu 1960 inatulutsa makina a matayala anayi.

Matayala a makinawa sapindika ngati a kutsogolo kwa galimoto. Pokhota, a mbali imodzi amazungulira mofulumira kuposa a mbali inayo, kapenanso amabwerera m'mbuyo, motero makinawo amatembenuka mokhukhuluza pansi. Pa madzi oundana mphira sugwira: matayala amangozungulira pamalo amodzi, ndipo pamtsetse makinawo akhoza kutsetsereka n'kugubuduka. Matcheni, amene Harry Weed wa ku New York anawapangira matayala a galimoto mu 1904, amathetsa vutoli chifukwa chitsulo chimaluma pamene mphira ukuterera.

Oyendetsa ambiri amaveka matcheni matayala a kumbuyo okha. Kumeneko ndi kumene kuli injini, choncho ndi kumene kumalemera kwambiri ngati chifosholo cha kutsogolo chilibe katundu. Matayala onse anayi akavekedwa, makinawo amagwira pansi mwamphamvu, koma amakhota movutikira ndipo zitsulo zozunguza matayala zimapanikizika. Tcheni liyenera kulingana ndi kukula kwa tayala, ndipo pakati pa tayala ndi thupi la makina pakhale mpata wokwanira. Akayenda pang'ono, woyendetsa amaima n'kukungitsanso matcheniwo ndi kumangirira nsonga zolendewera, popeza tcheni lokhwepa limamenya makinawo kapena kuduka kumene. Ulendo wonse umakhala wa pang'onopang'ono.

M'misewu ya ku Malawi chipale sichigwa, koma dzinja limabweretsa vuto lofanana nalo. Mvula ikagwa pa katondo kapena pa makande, makina okonza misewu ndi onyamula zinyalala amaterera ndi kutitimira. Matcheni amathandizanso m'matope oterera amene pansi pake pali dothi lolimba, ngakhale kuti sangapulumutse makina amene amira m'dambo. Pa phula ndi pa simenti ayenera kuvulidwa, chifukwa amakanda ndi kukumba msewu umene unamangidwa ndi ndalama za anthu.

Anthu okhala m'mawodi akukumbutsidwa kuti woyendetsa makina amtunduwu saona bwino kumbuyo kwake, komanso makina amene akuterera saima nthawi yomweyo. Makolo aletse ana kuwathamangira kapena kuwakwera. Malo amene amaterera kwambiri m'dzinja azinenedwa msanga kwa khansala kapena ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti akonzedwe mvula isanafike pachimake.