Tidziwe Preamp ya Gitala ya Besi

Ambiri amene amaimba gitala ya besi m'makwaya ndi m'mabandi amadziwa batani limodzi lokha, lokwezera mawu. Mabatani enawo amangowapotokola mwachisawawa mpaka besi iyambe kugunda ngati bingu, mawu a oimba osamvekanso, mwinanso sipika n'kupsa. Poti zida zimenezi n'zodula, ndipo kawirikawiri zimagulidwa ndi ndalama zosonkherana, ndi bwino tidziwe chipangizo chotchedwa preamp, chomwe chili ndi mabatani amenewa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pansi pa nsambo za gitala yamagetsi pali maginito okulungidwa ndi waya woonda kwambiri, otchedwa pickup. Nsambo ikanjenjemera, pickup imatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa zedi. Preamp ndiyo imalandira mphamvu imeneyi, kuikuza pang'ono ndi kukonza kamvekedwe kake isanapite ku gawo lachiwiri la ampulifaya lomwe limakankha sipika. Choncho ntchito yaikulu ya preamp si kusokosa ayi, koma kukometsa.

Preamp imapezeka pamalo atatu: mkati mwa ampulifaya, m'kabokosi koika pansi pafupi ndi phazi la woimba, kapena m'mimba mwa gitala momwemo. Precision Bass imene Leo Fender anatulutsa ku America mu 1951 inalibe preamp m'kati mwake. Koma StingRay ya kampani ya Music Man, ya mu 1976, inali imodzi mwa mabesi oyamba kupangidwa ochuluka okhala ndi preamp m'kati, yoyendera batire la mavoti 9. Gitala yotere imayamba kudya batire mukangolowetsa waya, ngakhale simukuimba. Mukatha kuimba, zulani waya.

Batani loyamba pa preamp ndi Gain. Limeneli limaona kuchuluka kwa mphamvu yolowa kuchokera ku gitala. Likatsika kwambiri, besi imamveka yofooka ndipo kaphokoso ka "sss" kamalowerera mukamakweza mawu kutsogoloku. Likakwera mopyola, mawu amasweka ndi kumveka ngati nsalu yong'ambika. Maampulifaya ambiri ali ndi kanyali kofiira kolembedwa Clip kapena Peak. Imbani nsambo yaikulu mwamphamvu, kwezani Gain mpaka kanyali kayambe kuphethira, kenaka bwezani pang'ono. Mukatero lisiyeni. Lokwezera mawu kuti anthu amve ndi lina, lolembedwa Master kapena Volume.

Kenaka pali mabatani atatu okonzera kamvekedwe: Bass, Mid ndi Treble. Kunjenjemera kwa nsambo kumayezedwa ndi ma hertz, kutanthauza maulendo amene yanjenjemera pa sekondi imodzi. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera pafupifupi ka 41, ndipo yaing'ono ya G ka 98. Bass imakuza mawu apansiwa, aja amamveka pachifuwa. Treble imakuza apamwamba, monga kukhudza kwa chala pa nsambo. Mid ndi ya mawu apakati, amene amathandiza khutu kusiyanitsa noti ina ndi inzake. Pa mapreamp ambiri, batani likaloza m'mwamba, ngati muvi wa wotchi pa 12 koloko, ndiye kuti silikuwonjezera kapena kuchotsa kanthu. Yambirani pamenepo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Besi ikapanda kumveka bwino amakweza Bass, osadziwa kuti kuwonjezera madesibelo 3 okha kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri kuchokera ku ampulifaya, ndipo madesibelo 6 kanayi. Kawaya ka m'kati mwa sipika kamatentha, mapeto ake n'kupsa. Komanso m'nyumba yaikulu ya simenti ndi malata, monga tchalitchi kapena holo, mawu apansi amachedwa kuzilala ndipo amaphimba mawu a anthu. Mankhwala ake ndi kutsitsako Bass ndi kukwezako Mid pang'ono. Zili ngati mchere m'ndiwo: wochepa umakometsa, ukachuluka mphika wonse watayika.

Palinso tina ting'onoting'ono tofunika. Kaswitchi kolembedwa Pad kapena Active kamachepetsa mphamvu yolowa, ndipo n'kothandiza ngati gitala yanu ndi ya batire. Bowo la mano atatu lolembedwa DI Out limatumiza mawu ku mikisa kudzera pa waya wautali popanda kutola phokoso lambiri panjira. Pafupi nalo pamakhala Pre/Post: pa Pre, wa pamikisa amalandira mawu musanawakonze, pa Post amalandira okonzakonza. Mukamva kulira kwa "mmm" kosalekeza mutalumikiza ku mikisa, dinani Ground Lift. Koma musayerekeze kudula waya wa earth pa pulagi ya magetsi, chifukwa ndi umene umateteza moyo wanu.

Pomaliza, musanalowetse kapena kuzula waya, tsitsani Master mpaka pansi. Mukamakonza mabatani, mnzanu akaime kumbuyo kwa nyumba kwaya ikuimba, ndipo mumufunse funso limodzi: kodi mawu a nyimbo akumveka? Akayankha kuti inde, ndipo besi ikumvekanso pansi pake, dziwani kuti preamp yanu mwaitchera bwino.