Kodi Mumadziwa? Injini ya maginito yoyenda yokha sinapambanepo mayeso

Ku Chitungwiza magetsi a ZESA amazimazima, ndiye nkhani ya makina opereka magetsi aulere imakoma m'makutu. Mavidiyo a injini zozungulira ndi maginito okha amafika m'mafoni a anthu pa Town Centre ngati kwina kulikonse. Mu January 2025, Maxwell Chikumbutso wa kampani ya Saith Technologies anaonetsa Pulezidenti Emmerson Mnangagwa galimoto imene Chikumbutsoyo amati siifuna kutchaja, ndipo mtsutso unabuka m'dziko lonse la Zimbabwe.

Nkhani zotere si zachilendo. Mu 2006 kampani ya Steorn ya ku Dublin inalengeza za makina a maginito otchedwa Orbo. Akatswiri 22 anaunika nkhaniyi ndipo mu 2009 ananena kuti kampaniyo sinaonetse mphamvu yoonjezera iliyonse. Mike Brady, mwini injini ya Perendev, anamangidwa ku Switzerland mu 2010 pa mlandu wobera makasitomala a ku Germany.

Chifukwa chimene makina otere amalepherera n'chakuti mphamvu imene maginito amapereka pokoka chitsulo ndi yomweyo imene imafunika pochichotsapo. Gudumu likazungulira kamodzi, phindu palibe, ndipo kukhulana kwa zitsulo kumadyanso mphamvu ina.

Okonda zamagetsi amayesa makinawa mosavuta. Amawatsegula kufufuza batire lobisika, amayeza mphamvu yolowa ndi yotuluka ndi multimeter, kenako amalumikiza babu n'kuwasiya masiku angapo popanda wowakhudza. Mayeso omalizawa ndi amene ogula ayenera kuumirira asanatulutse ndalama.