Mazira a Nkhanu ndi Mcere

Ana inu, kodi munaonapo nkhanu mumtsinje wa Lifidzi? Imabisala pansi pa miyala. Ili ndi miyendo 8 yoyendera ndi mapanilo 2. Imayenda cammbali.

Nkhanu yaikazi siikira mazira m'cisa ngati nkhuku. Imawanyamula kumimba kwake, pansi pa kacivundikiro. Muli monse m'dziramo mumakula kamwana.

Nkhanu za kwathu

Madzi a mumtsinje mwathu alibe mcere. Nkhanu ya kuno imaikira mazira ocepa koma aakulu. M'dzira muli cakudya cokwanira kamwanako. Dzira likaswa, mumatuluka kankhanu kofanana ndi make. Make amayenda nato tiana take mpaka titalimba.

Nkhanu za kunyanja

Madzi a mitsinje yathu amatsikira ku Zambezi. Zambezi amakathira m'nyanja yaikulu ya Indiya, kufupi ndi Chinde. Madzi a m'nyanjayo ndi amcere. Mu lita imodzi muli magalamu 35 a mcere.

Kumeneko, m'matope a m'mbali mwa nyanja, mumakhala nkhanu zazikulu. Yaikazi imanyamula timazira toposa 1,000,000. Nthawi yoswa ikayandikira, imasambira kupita pakati pa nyanja, kumene mcere sucepa ngakhale kugwe mvula. Tiana take timatuluka tating'ono ngati nsabwe. Sitifanana ndi make. Timayandama m'madzi, timafundula kangapo, kenaka timasanduka nkhanu.

Mcere umacita ciani?

Khungu la dzira limalola madzi kulowa ndi kutuluka. Madzi amapita kumene kuli mcere wambiri.

Dzira la nkhanu ya kunyanja likakhala m'madzi opanda mcere, madzi amalowa. Dzira limatupa, kamwana nkufa. Mcere ukaculukitsa, madzi amatuluka. Dzira limafota, ndipo siliswa. Dzira lililonse limafuna madzi a kwao.

Tiyeseni kunyumba

Pemphani amai akuduleni tizidutswa 2 ta mbatata ya kacewere. Kamodzi ikani m'kapu ya madzi okha. Kena ikani m'kapu ya madzi othira mcere wambiri. Mawa mutigwire. Ka m'madzi okha kadzakhala kolimba, cifukwa kamwa madzi. Ka mumcere kadzakhala kofewa, cifukwa kataya madzi.

Mau kwa makolo

Mwana akagwira nkhanu ya mazira kapena ya tiana kumimba, muuzeni aibwezere m'madzi. Ikafa imodzi yotere, afa ambiri. Ndiponso tisatsukire mumtsinje mpope wopopera mankhwala m'dimba. Nkhanu zimadya masamba oola ndi tizilombo takufa, motero zimayeretsa mtsinje umene timatungamo.

Mafunso

1. Kodi nkhanu imasunga kuti mazira ake?
2. Ndi nkhanu iti imene imaikira mazira aakulu?
3. Kodi mbatata ya mumcere inafewa cifukwa ciani?
4. Jambulani nkhanu m'kope mwanu. Werengani miyendo yake.