Manyowa Akakokolokera Kudambo

Ndowe za ng'ombe ndi mbuzi komanso zitosi za nkhuku zili ndi chakudya chomwe mlimi amachifuna m'thumba la feteleza, makamaka nayitirojeni ndi fosifolasi. Pamene feteleza wakwera mtengo, alimi a ku Nsanama m'boma la Machinga, monganso anzawo a ku Balaka, akudalira kwambiri manyowa a m'khola ndi a Mbeya. Koma chakudyachi chimapindula pokhapokha chikakhala pamene pali mizu.

Kutayika kwake kumayamba mvula isanakhazikike. M'chilimwe ziweto zimaswera kudambo, kumene msipu umakhalabe wobiriwira, ndipo ndowe zimaunjikana pafupi ndi madzi. Kumtunda, mulu wa manyowa umakhala pambalambanda pambali pa khola, ena amamwazidwa pamwamba pa nthaka osakwiriridwa. Mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu pa nthaka youma gwa, imene udzu wake unapsa ndi lupsa kapena unadyedwa mpaka pansi, madzi salowa. Amathamanga. Fosifolasi imamatirira ku timibulu ta dothi n'kupita nalo limodzi, pamene nayitirojeni imasungunuka, ina n'kulowa pansi mpaka kufika m'zitsime zosazama zimene anthu amamwa.

Madzi a m'boma la Machinga amathera mumtsinje wa Shire kapena m'nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho zolowamo zimakhala momwemo. Ndi yosazama, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Chakudya chikachuluka m'madzi otere, ndere zimaswana. Zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya umene matemba ndi makumba amapuma. Ku Shire, chonde chokokoloka chimanenepetsa namasupuni ndi zomera zina zoyandama, zimene kampani ya EGENCO imalimbana nazo pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde kuti zisakatseke makina amagetsi ku Nkula. Manyowa si okhawo olakwa, pakuti feteleza, dothi la m'mapiri odulidwa mitengo ndi zonyansa za m'matauni zimathandizira. Komabe gawo la manyowa n'lomvetsa chisoni, chifukwa ndi thukuta la banja limene linatuta ndowe chilimwe chonse.

Njira zopewera sizifuna ndalama zambiri. Khola ndi mulu wa manyowa zikhale patali ndi mtsinje ndi chitsime, ndipo muluwo ufundidwe ndi udzu kapena usungidwe m'dzenje la pamthunzi. Manyowa owolerana bwino athiridwe m'mapando kapena akwiriridwe m'mizere, osati kumwazidwa pa nthaka yonyowa kale kapena kumwamba kukakhala kwada. Pamalo otsetsereka, akalozera, vetiva ndi mizere yotseka mabokosi zimachepetsa liwiro la madzi. M'mphepete mwa mtsinje ndi m'madimba, mpata wa udzu ndi bango wosiyidwa osalimidwa umasefa matope, ndipo umagwira ntchito bwino ngati ziweto zili ndi malo amodzi omwera m'malo mopondaponda gombe lonse.