KHOSWE PA MULU WA MANYOWA

Makolo athu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iwo adaona kuti munthu wofuna kukantha khosweyo ndi chibonga amaswa ndi mkhate womwe, ndipo chomutsalira m'manja ndi mapale okhaokha. Mwambi umenewu timaunena kawirikawiri pa milandu ya pachibale, koma lero ndifuna tiuone monga momwe mawu ake aliri, pakuti m'midzi yambiri ya m'boma la Chiradzulu khoswe wapeza mkhate watsopano wokhalapo. Mkhate wakewo ndiwo mulu wa manyowa umene mlimi wauunjika kuseri kwa khola kapena m'mphepete mwa dimba.

Tiyambe taona chifukwa chake mulu umenewu uli wa mtengo wapatali kwa ife. Boma la Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma aang'ono m'dziko lino, malo ake sakwana masikweya kilomita 800, koma kalembera wa mu 1998 ndi wa mu 2018 yemwe adaonetsa kuti ndi limodzi mwa maboma odzaza kwambiri. Mu 2018 mudapezeka anthu oposa 350,000. Minda ndi yaing'ono, ndipo palibe amene angathe kugoneka munda kuti nthaka ipume monga ankachitira agogo athu. Mabanja ambiri amadalira madimba a m'mbali mwa Mombezi ndi timitsinje tina, kumene kumachokera matimati, kabichi, mpiru ndi anyezi zimene timaziona pa misika ya Mbulumbuzi ndi Namitambo, kapena zili pa ulendo wa ku Limbe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adakokolola nthaka ya chonde m'mapiri ndi m'madambo mwathu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa feteleza nukwera kufika poti mlimi wamba sangaufikire. Tsono munthu amene waleka kupanga manyowa chifukwa choopa makoswe, ameneyo waswa mkhate, khoswe ali moyo.

MDANI TIMDZIWE DZINA

Pali nyama zingapo zimene timazisokoneza tikamadandaula. Woyamba ndi khoswe weniweni wa m'nyumba, wa mchira wautali kuposa thupi lake, katswiri pokwera denga ndi nkhokwe. Iyeyu kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ndipo adafika kuno ku Africa pobisala m'zombo ndi m'katundu wa amalonda. Wachiwiri ndi kapuku, mbewa ya m'munda imene imafukula chimanga chongobzala kumene ndi kuboola matimati akayamba kupsa. Palinso bwampini, wamkulu ngati mwana wa mphaka, amene amatuta chakudya m'masaya kupita nacho ku una wake. Ndiponso mfuko, imene imadya mbatata ndi chinangwa pansi pa nthaka osaonekera. Pa mulu wa manyowa opezekapo kwambiri ndi awiri oyambawo: khoswe ngati muluwo uli pafupi ndi nyumba, kapuku ngati uli ku dimba.

Mphamvu ya tinyama timeneti ili pa kuswana. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha, ndipo ana ake akatha miyezi itatu nawonso amayamba kubereka. Kapuku ndiye woposa, popeza wamkazi amatha kukhala ndi mawere ofika 24, ndipo kuswa ana khumi kapena kuposerapo pa nthawi imodzi si chachilendo kwa iye. Ophunzira anga ndimawapatsa samu imeneyi kuti aiwerengere okha, ndipo akafika pa mwezi wachisanu ndi chimodzi amayamba kuyang'anana. Phunziro lake ndi lakuti kupha makoswe khumi pamene chakudya ndi pogona zikadalipo kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

CHIMENE KHOSWE AMADZAFUNA

Khoswe sadya manyowa. Chimene chimamuitana pa mulu ndi zinthu zitatu: chakudya, malo ouma ofunda oberekeramo, ndi bata. Mulu wopangidwa bwino ulibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Choncho mukaona mauna m'mbali mwa mulu wanu, dziwani kuti khosweyo wabwera kudzakuuzani kuti manyowa anu sakupsa.

Za chakudya, vuto ndi lakuti ambiri sitisiyanitsa mulu wa manyowa ndi dzala. Mkute wa nsima, minga ya nsomba, mafupa, zotsukira m'mapoto ndi zitsononkho zokhala ndi maso a chimanga, zonse timakataya pamodzi. Zotsala za pa mbale zipite kwa nkhuku, nkhumba kapena galu, usana, ndipo podyerapo pasesedwe dzuwa lisanalowe. Pa mulu papite mapesi oduladula, masangwi a mtedza ndi nyemba, masamba a nandolo, udzu wauwisi, ndowe, zitosi ndi phulusa. Makoko a nthochi ndi matimati oola ndi abwino, koma aikidwe pakati ndi kukwiriridwa, asaponyedwe pamwamba ngati nyambo.

Za kuuma, njira yake ndi madzi. Mulu umene zouma ndi zaziwisi zasanjidwa mosinthanasinthana, nuthiridwa madzi okwanira, umatentha m'kati mpaka madigiri 55 kapena 60. Pamenepo palibe mbewa ingaike ana ake. Alangizi a zaulimi adatiphunzitsa kuzika ndodo pakati pa mulu ndi kuizula pakapita masiku angapo: ikatuluka yofunda ndi yonyowa, zinthu zili bwino; ikatuluka yozizira ndi youma, mulu wafa, ndipo wasanduka nyumba ya alendo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chikuomba ndipo minda yayera, mulu wouma wa mapesi ndiwo malo ofunda koposa m'mudzi monse.

Za bata, mankhwala ake ndi khasu. Kuyambira pamene khoswe watenga bere kufikira pamene ana ake aleka kuyamwa pamapita milungu pafupifupi isanu ndi umodzi. Mlimi amene amatembenuza mulu wake milungu iwiri kapena itatu iliyonse, sapatsa mpata banja limenelo kuti likhazikike, ndipo pa ntchito yomweyo manyowa ake amapsa msanga chifukwa mpweya walowa. Amene amakonda njira ya chimato, yomata mulu ndi dothi, aziyendera mulu wake ndi kumatanso ming'alu ikangooneka. Tchire lozungulira mulu lilambulidwe, chifukwa khoswe amaopa kudutsa poyera. Ndipo muluwo usagundane ndi nkhokwe kapena chipupa cha nyumba.

Mawu apadera apite kwa opanga manyowa a Mbeya, amene afala kwambiri zaka zino. Popeza m'manyowa amenewa mumalowa gaga, pamodzi ndi phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, fungo lake limakoka makoswe. Thumba lake limayenera kukhala lomanga bwino, pulasitiki m'kati, kwa masiku 21, ndipo khoswe akangoboola, mpweya umalowa ntchito yonse niwonongeka. Matumba otere asanjidwe pa thandala lokwera, lotalikirana ndi chipupa, miyendo yake itavekedwa malata opindidwa ngati chipewa monga timachitira ndi nkhokwe.

NJIRA YACHIDULE YOPWETEKA

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhani ino. Mlimi akatopa, amathamangira ku msika kukagula timibulu takuda tija timati tameki. Mankhwala amenewa, dzina lake lenileni aldicarb, adapangidwira tizilombo ta m'nthaka ndi ta pa mbewu, ndipo ali m'gulu la ziphe zoopsa koposa zimene zidalowapo m'munda. Sasankha. Nsima yopakidwa tameki imene yaikidwa pa mulu wa manyowa ikhoza kudyedwa ndi nkhuku, galu wa mnansi, kapena mwana wokwawa amene watsatira amake ku dimba. Komanso tisaiwale kuti ambiri a ife mbewa ndi ndiwo. Mnyamata wokumba mbewa sadziwa kuti kapuku wofooka amene wamugwira mosavuta uja wadya chiyani usiku.

Chodabwitsa ndi chakuti chiphe chotere sichimaliza n'komwe makoswe. Khoswe ndi wochenjera: chakudya chachilendo amayamba walawa pang'ono, ndipo akadwala napulumuka sachiyandikiranso. Amene amatha ndi adani ake, ndiwo mphaka, nyenga, njoka zina, ndi kadzidzi. Mbalame imeneyi timaida ndi kuigenda poiganizira za ufiti, chonsecho kadzidzi mmodzi amagwira mbewa zingapo usiku uliwonse popanda malipiro. Adani amenewa amaswana pang'onopang'ono, pamene khoswe amabwerera mwakale m'miyezi yowerengeka. Mudzi wothira chiphe chaka chino umakhala ndi makoswe ochuluka chaka chamawa.

Pali ndi mbali ya matenda. Mu 2002 ku Nsanje kudabuka mliri wa makoswe uja azachipatala amati bubonic plague. Umafala ndi nthata za pa thupi la khoswe, ndipo khoswe akafa nthatazo zimamusiya kukafuna magazi ena, ngakhale a munthu. Ndiye chifukwa chake khoswe wakufa sagwiridwa ndi manja, ndiponso satayidwa pa manyowa. Atoledwe ndi khasu, akwiriridwe mozama. Mkodzo wa makoswe nawo umasiya m'matope ndi m'madzi tizilombo ta nthenda ya leptospirosis, imene imalowera pa zilonda ndipo imayamba ndi kutentha thupi ngati malungo. Wotembenuza mulu wokhala ndi mauna avale nsapato, asambe m'manja ndi sopo, ndipo ndiwo za ku dimba zitsukidwe bwino. Ngati zafika poti mankhwala sangapeweke, dziko lino lili ndi lamulo la mu 2000 limene lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira za mankhwala otere. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, m'paketi yolembedwa malangizo, mutayamba mwafunsa mlangizi wa kwanu.

NTCHITO YA MUDZI WONSE

Msampha ndiwo bwenzi la mlimi, kaya wa waya wogula ku sitolo, kaya diwa lija ankatcha agogo athu ndi mwala wafulati. Utchedwe pa njira ya khoswe, m'mbali mwa chipupa kapena mwa mulu, pamene pakuoneka zitosi zake. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nyambo ya mtedza wokazinga kapena usipa osautcha, kuti mantha amuthere; kenaka utcheni, ndipo muziuyendera m'mawa uliwonse. Mphaka asungidwe. Ku Eswatini, kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 adapeza kuti makoswe amaopa kwambiri kudya pa khomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi kusiyana ndi pamene pali chimodzi chokha.

Koma madimba athu ndi ogundana, malire ake mzere umodzi wa nzimbe kapena nthochi, ndipo khoswe sadziwa malire. Mlimi mmodzi akatcha misampha yekha, malo a makoswe ophedwawo amadzazidwa ndi ochokera kwa mnzake. Mutu umodzi susenza denga. Nyakwawa ndi makalabu a alimi agwirizane sabata imodzi, makamaka mu Okutobala mvula isanagwe, pamene mbewa zachepa ndipo sizinayambe kuswana, kuti aliyense alambule, atembenuze mulu wake ndi kutcha misampha nthawi imodzi. Pa msonkhano womwewo anyamata osaka mbewa auzidwe kuti akumbe ndi khasu, asatenthe minda, pakuti mapesi amene akupsawo ndiwo manyowa a chaka chamawa.

Akulu adatinso khoswe wa patsindwi adaulula wa padzala. Kwa ife alimi zimachitikanso mobwerera: wa pa manyowa amaulula wa m'nkhokwe. Mukamuona, musathamangire ku msika. Tengani ndodo muizike pa mulu, muone ngati ukutentha. Kenaka tengani khasu ndi ndowa ya madzi.

Sabata yamawa tidzakamba za mfuko ndi mbatata za m'madimba.